Seva yafa kapena yangokhala chete? Zimene zimagwetsa cluster yosunga deta mu RAM

Tsiku la msika pa Lizulu, kapena kumapeto kwa mwezi pa boma la Dedza, palibe amene sadziwa mawu akuti "dikirani kaye bwana, sisitimu yagwa." Ejenti foni ili m'manja, netiweki yodzadza, koma ndalama sizikupita. Anthu pamzere amayamba kuloza nsanja ya mafoni ili paphiri, chonsecho nthawi zina nsanjayo ilibe mlandu. Vuto limakhala kutali, m'chipinda china chozizira ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja kwa dziko, momwe makompyuta angapo amayenera kugwira ntchito ngati chinthu chimodzi koma tsiku limenelo asiya kumvana.

Gulu la makompyuta lotereli amalitcha cluster, ndipo kompyuta iliyonse m'gulumo ndi node, ngakhale ambirife timangoti seva. Ma cluster alipo amitundumitundu. Amene ndikufuna tikambirane ndi aja osunga deta mu RAM, memori yachangu imene kompyuta imagwiritsa ntchito ikayaka, m'malo mwa pa disiki: Redis Cluster, Hazelcast, Apache Ignite, komanso Apache Spark kumbali yowerengetsera. Achinyamata athu akamaliza maphunziro a IT n'kulembedwa ntchito ku banki, ku kampani ya mafoni kapena ku bungwe la zaumoyo, amangopatsidwa zinthu zimenezi kuti aziyang'anira, kawirikawiri popanda wowauza chimene chimazigwetsa. Kuyimika cluster sikuvuta, masana amodzi yatha. Kukhala nayo chaka chathunthu ndiye ntchito.

Chifukwa chake anthu amathamangira ku RAM

Kuwerenga kanthu mu RAM kumatenga ma nanosekondi pafupifupi 100. Pa SSD, disiki yamakono yosazungulira, ndi cha m'ma mayikrosekondi 100, ndiye kuti RAM yaposa ka 1,000. Disiki yakale yozungulira ija imafuna mamilisekondi 5 mpaka 10 kuti ingopeza pamene chinthucho chagona. Kwa munthu mmodzi wofunsa balansi yake kusiyana kumeneku sikumveka, koma anthu zikwizikwi akamafunsa pa sekondi imodzimodziyo, ndi kumene kumalekanitsa sisitimu yoyenda ndi yoima.

RAM ili ndi zilema ziwiri. Ndi yodula, choncho seva imodzi siikhala ndi yochuluka, ndipo magetsi akangothima imaiwala zonse. Pofuna kuthana ndi chilema choyamba, anthu anayamba kumwaza deta m'maseva angapo. Pofuna kuthana ndi chachiwiri, anayamba kusunga makope m'maseva ena. Brad Fitzpatrick analemba Memcached mu 2003 pofuna kupeputsa katundu pa database (nkhokwe yaikulu ya deta) ya webusayiti ya LiveJournal. Redis inabwera mu 2009 kuchokera kwa Salvatore Sanfilippo wa ku Italy, koma mbali yake ya cluster inatuluka mu 2015. Spark anaiyamba Matei Zaharia ku yunivesite ya California ku Berkeley mu 2009, ndipo Ignite inaperekedwa ku Apache ndi kampani ya GridGain mu 2014. Mukakumana ndi dzina loti Valkey musadabwe: ndi mphukira ya Redis yomwe inatuluka mu 2024 eni ake a Redis atasintha layisensi, ndipo zambiri zonenedwa pano zimaikhudzanso.

Tiyerekeze kuti pali SACCO ya alimi a kachewere yokhala ndi mamembala ku Bembeke, ku Lizulu ndi ku Tsangano, ndipo yaika mabalansi awo pa cluster ya maseva atatu. Rekodi iliyonse ili ndi kiyi, tinene nambala ya membala. Pulogalamu imatenga kiyiyo, kuichita masamu otchedwa hash, n'kutulutsa nambala ya chigawo. Redis Cluster ili ndi zigawo 16,384. Ikagawira maseva atatu, yoyamba imatenga 0 mpaka 5460, yachiwiri 5461 mpaka 10922, yachitatu zotsalazo. Hazelcast mukangoiyika imakhala ndi zigawo 271, Ignite 1,024. Zigawozo zimachuluka kuposa maseva mwadala, kuti mukawonjezera seva yachinayi musasamutse deta yonse, mungochotsa zigawo zingapo kwa aliyense n'kupatsa wobwerayo.

Chigawo chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo ngati mwakonza bwino chili ndi wosunga kope pa seva ina. Ndati "ngati mwakonza bwino" chifukwa apa ambiri amapunthwa. Hazelcast imasunga kope limodzi yokha osauzidwa. Ignite ayi: mukapanga cache (mosungira deta mu RAM) yogawidwa m'zigawo osanena chiwerengero cha makope, imakhala ndi 0, ndipo seva imodzi ikafa zigawo zake zapita nayo. Redis imatumiza kope pambuyo poti yayankha kale wolembayo kuti "ndalandira", choncho mwini chigawo akafa m'kanthawi kochepako, ndalama imene membala anauzidwa kuti yalowa ikhoza kusapezeka pa kope. Chimenechi si cholakwika chobisika, eni ake anachilemba poyera m'mabuku awo. Kungoti owerenga mpaka pamenepo ndi ochepa.

Pamene pagona nkhani

Seva yofa kwenikweni, yomwe yapsa kapena yazimitsidwa, siivuta. Anzake amaona kuti palibe, osunga makope amakwezedwa kukhala eni, ntchito n'kupitirira. Imene imazunza ndi seva yamoyo koma yosayankha.

Maseva a mu cluster amatumizirana timauthenga tating'ono pafupipafupi tongonena kuti "ndilipo." Seva ikasiya kutumiza, anzake alibe njira yodziwira ngati yafa, ngati yatanganidwa, kapena ngati chingwe cha pakati pawo ndicho chaduka. Zonse zitatuzi kwa iwo zimaoneka chimodzimodzi: zii. Chomwe angachite n'kudikira nthawi yoikika kenaka n'kugamula kuti yafa. Mu Redis Cluster nthawi imeneyi ndi masekondi 15 ngati simunasinthe, mu Ignite ndi masekondi 10. Mukaifupikitsa, cluster imayamba kuika m'manda maseva amoyo omwe anangochedwa pang'ono. Mukaitalikitsa, seva ikafadi anthu aima pamzere nthawi yonseyo. Nambala yabwino kwa aliyense palibe, imadalira netiweki yanu ndi khalidwe la maseva anu.

Nanga n'chiyani chingagoneke seva yamoyo masekondi 10? Hazelcast, Ignite ndi Spark zimayenda pa Java, chimodzi mwa zilankhulo zolembera mapulogalamu, ndipo Java ili ndi wosesa wake wotchedwa garbage collector, amene amachotsa mu RAM zinthu zomwe pulogalamu yasiya kugwiritsa ntchito. Nthawi zambiri amasesa ntchito ili mkati. Koma malo akatsala pang'ono kudzadza, amaimitsa chilichonse kuti asese bwino, ndipo pa heap (gawo la RAM limene Java imasungamo zinthu zake) ya magigabayiti makumi angapo kuimako kumatha kufika masekondi ambiri. Panthawiyo seva situmiza "ndilipo." Anzake amaichotsa pagulu, n'kuyamba kugawana zigawo zake. Ikamadzuka imapeza mpando wake wakhalidwa kale. Mu ma log (makaundula a zochitika) a Ignite mumaona chenjezo la "Possible too long JVM pause", kenaka mawu akuti node yakhala "segmented", ndipo sevayo imadzizimitsa yokha.

Apa ndi pamene tsoka limaberekana. Maseva awiri otsala aja tsopano asenza katundu wa atatu, komanso akukoperana deta kuti chigawo chilichonse chikhalenso ndi kope. RAM yawo imadzadza, wosesa wawo nawonso amaimitsa ntchito, wachiwiri amachotsedwa, wotsala yekhayo sapirira. Woyang'anira akamafika pa kompyuta amapeza maseva onse ali gone, n'kuganiza kuti agwa nthawi imodzi. Sanagwe nthawi imodzi. Anagwetsana motsatana, ndipo woyamba ndi amene ali ndi yankho.

Mankhwala ake ndi odziwika. Heap ya Java isamapose magigabayiti 32, chifukwa kupitirira pamenepo Java imasiya kufupikitsa ma pointer, manambala olozera pamene chinthu chili mu RAM, ndipo chinthu chilichonse chimadya malo ochuluka. Deta yochuluka ikhale kunja kwa heap, monga momwe Ignite imachitira kuyambira pa mtundu wa 2.0. Wosesa wa G1, yemwe ndi wokhazikika kuyambira pa Java 9, amakwanira pa ntchito zambiri, ndipo ZGC, mtundu wina wa wosesa, yomwe inavomerezeka pa ntchito yeniyeni mu Java 15 mu 2020, imaima kanthawi kochepa zedi. Koma choyamba pa zonse, GC log, kaundula wa ntchito za wosesayu, ikhale yoyatsa nthawi zonse. Siidya kanthu, ndipo tsiku la vuto ndi mboni yokhayo imene inalipo.

Redis inalembedwa mu C, ilibe wosesa wotere, koma nayo ili ndi tulo take. Imagwira malamulo limodzi limodzi pa mzere umodzi. Wina akalemba KEYS *, lamulo lotulutsa makiyi onse, pa seva yokhala ndi makiyi mamiliyoni, kapena akafufuta kiyi imodzi yaikulu kwambiri ndi DEL, aliyense amadikira mpaka atamaliza. Pali SCAN ndi UNLINK zochitira zomwezo pang'onopang'ono, ndipo SLOWLOG imakuuzani lamulo limene linatseka njira.

Gulu likagawanika pawiri

Vuto lachiwiri lochokera ku chete yemweyu ndi loopsa kuposa loyamba, chifukwa sisitimu siigwa, imangoyamba kunama.

Taganizirani banki m'khonde yomwe mamembala ake amakhala tsidya lino ndi tsidya ilo la mtsinje wa Linthipe, mlembi ali mbali ino, wachiwiri wake mbali inayo, aliyense ndi kope la kaundula. M'mwezi wa Febuluwale mtsinje wadzadza, palibe wowoloka. A tsidya lino akumana, aona kuti anzawo sanabwere, alandira masheya, abwereketsa, alemba. A tsidya ilo achitanso chimodzimodzi. Madzi akaphwa pali makaundula awiri, onse olembedwa mokhulupirika, koma osagwirizana. Gulu lanzeru limakhala ndi lamulo loti msonkhano suchitika pokhapokha opezekapo apose theka la mamembala onse. Mbali ziwiri sizingapose theka zonse nthawi imodzi, choncho yochepayo imangobwerera kunyumba osalemba kanthu.

Mu cluster izi amazitcha split brain, ndipo lamulo la oposa theka lija ndi quorum. Eric Brewer ananena mu 2000, ndipo Seth Gilbert ndi Nancy Lynch anatsimikiza ndi masamu mu 2002, kuti netiweki ikaduka pakati pa maseva muyenera kusankha chimodzi: kuyankha aliyense ngakhale mayankho asiyane, kapena kukana ena kuti choonadi chikhale chimodzi. Zonse ziwiri simungakhale nazo. Ndi chimene chimadziwika kuti CAP theorem.

Mapulogalamuwa anasankha mosiyana. Mu Redis Cluster, mwini zigawo amene sakuona ochuluka a eni anzake amasiya kulandira zolemba nthawi yodikira ija ikatha, koma zimene analandira m'masekondi amenewo zimatha kutayika. Hazelcast mukaisiya momwe inabwerera, mbali zonse ziwiri zimapitiriza kulemba, ndipo zikakumananso zimaphatikiza deta potsata lamulo limene lasankhidwa, zina n'kutayidwa. Kuti mbali yochepa izikana, muyenera kuyatsa nokha split-brain protection n'kunena chiwerengero chochepetsetsa cha maseva. Pa cache ya mitengo ya feteleza, kuphatikiza koteroko kulibe vuto. Pa balansi ya mlimi wa ku Bembeke amene watapa ndalama mbali ino pamene mbali inayo ikuonetsa kuti zilipobe, ndi milandu.

Masamu a quorum amadabwitsa mabwana ogula zipangizo. Maseva awiri sakutetezani konse, chifukwa oposa theka la 2 ndi 2: imodzi ikasowa, yotsalayo ilibe mphamvu yogamula. Atatu amapirira kutaya imodzi. Anayi amapiriranso kutaya imodzi yokha, popeza oposa theka la 4 ndi 3, ndipo akagawanika awiriawiri onse amaima. Asanu ndiwo amapirira kutaya awiri. N'chifukwa chake ovota amakhala 3 kapena 5, ndipo njira zogwirizanitsira maseva monga Raft, imene Diego Ongaro ndi John Ousterhout anaifalitsa mu 2014, zimaima pa masamu omwewa.

RAM yomwe muli nayo si yomwe munagula

Maseva atatu a magigabayiti 32 iliyonse ndi 96 pamodzi, ndipo pa pepala la bajeti amalemba choncho. Ikanipo kope limodzi pa chilichonse, malo a deta yeniyeni atsika kufika 48. Tsopano mukufuna kuti imodzi ikafa, awiri otsalawo asunge zonse pamodzi ndi makope: awiriwo ali ndi 64, theka lake ndi 32. Chotsanipo ya Linux, ya pulogalamu yeniyeniyo, ya ma index ndi yopumira. Mukatsala ndi 20 ndi kenakake mwachita mwayi. Cluster imene tsiku wamba ili pa 80 peresenti yagwa kale, ikungodikira tsiku.

RAM ikatheratu, Linux ili ndi njira ziwiri, zonse zoipa. Ngati swap ndi yoyatsa, imayamba kutaya masamba a RAM pa disiki, ndipo seva imakhala yamoyo koma yoyenda ngati yodwala, mtundu weniweni wa seva yozunza uja. Ngati swap palibe, OOM killer imasankha pulogalamu yodya kwambiri n'kuipha popanda chenjezo. Mu log ya pulogalamuyo simupezamo kanthu, imangothera pakati pa mzere. Umboni uli mu dmesg, kaundula wa Linux yeniyeniyo, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito Docker kapena Kubernetes muona exit code 137. Pa ziwirizi ine ndimasankha imfa yachangu, chifukwa anzake amadziwa msanga chochita.

Redis ili ndi msampha wina. Ikamasunga chithunzi cha deta pa disiki imadzigawa ndi fork, ndipo tsamba lililonse la RAM limene lasinthidwa chithunzicho chisanathe limakopedwa. Tsiku lotanganidwa, RAM yofunika imakwera kwambiri, mwina kuyandikira kawiri. Machenjezo amene Redis imalemba poyamba, okhudza vm.overcommit_memory ndi transparent huge pages, amanena za zimenezi, ndipo anthu amawadumpha. Onaninso maxmemory, malire a RAM imene Redis yaloledwa kudzadza, ndi lamulo lake. Lokhazikika ndi noeviction, kutanthauza kuti ikadzadza imakana zolemba zatsopano. Ngati ndi cache chabe, yosunga makope a deta imene ili kwina, allkeys-lru imataya zakale n'kupitiriza. Ngati muli mabalansi, kutaya zakale ndi kutaya ndalama za anthu.

Nthawi zina RAM ya cluster yonse imaoneka yokwanira koma seva imodzi ikulira. Wolemba pulogalamu ya SACCO ija mwina anasankha dzina la msika kukhala chogawira, kuti marekodi a malo amodzi akhale pamodzi. Tsiku la msika pa Lizulu katundu yense amagwera chigawo chimodzi, maseva ena ali manja lende. Kuwonjezera maseva sikuthandiza, popeza kiyi imodzi siigawika. Ogwiritsa ntchito Spark amachidziwa chithunzi chimenechi: ntchito yagawidwa pa 200, zidutswa 199 zatha kalekale, chimodzi chikukwawa ola lathunthu. Chofunika kusintha ndi kiyi, osati makina.

Magetsi ndi mtunda

Mabuku a mapulogalamuwa analembedwa poganiza kuti maseva amafa imodzi imodzi, pa zifukwa zosiyana. Kuno amafera limodzi. Maseva atatu omwe ali pa UPS (batire yogwirizira magetsi akathima) imodzi, pa switch imodzi, m'chipinda chimodzi, ndi seva imodzi yogulidwa katatu. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pa Golomoti m'boma lino la Dedza pali malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 okhala ndi mabatire, koma magetsi akewo amalowa mu gridi ya dziko lonse, sakutetezani inu thiransifoma ya pa msewu wanu ikapsa kapena mphenzi ya mu Disembala ikalowera pa chingwe cha netiweki. Kuzizira kwa Dedza kumangokupeputsirani bilu ya zoziziritsira.

Choncho pa deta imene simungaipezenso kwina, disiki siithawika. Redis ili ndi AOF, fayilo yosunga zolemba zonse motsatana, imene mukaika kuti izitsikira pa disiki sekondi iliyonse, mumataya zolemba za pafupifupi sekondi imodzi magetsi akathima mwadzidzidzi. Ignite ili ndi njira yake yosungira pa disiki yotchedwa native persistence. UPS ikhale yolumikizidwa ndi maseva kuti batire ikatsala pang'ono iwauze azime mwadongosolo, osati kungolira mpaka kufa. Ndipo jenereta yosayesedwa musaiwerengere.

Ganizo limene limabwera msanga ndi loti tiyike seva imodzi ku Dedza, ina ku Ntcheu, ina ku Lilongwe. Vuto la magetsi lachepadi, koma mwaitana chete uja. Kuwala mu faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi imodzi, ndiye mtunda wokhawo si waukulu. Chovuta ndi chakuti chingwe cha m'mbali mwa M1 chimadulidwa ndi okumba ngalande, ndipo liwiro lake limasinthasintha. Kulemba kulikonse kodikira kope kumayenda ulendo umenewo, ndipo kuduka kulikonse ndi mayeso a split brain. Werengeraninso nthawi yosamutsa zigawo: magigabayiti 20 pa netiweki ya 1 Gbps amatenga mphindi pafupifupi 3, pa 100 Mbps pafupifupi theka la ola, ndipo nthawi yonseyo deta ina ili ndi kope limodzi lokha. Njira yabwinopo ndi cluster imodzi pamalo amodzi okhala ndi magetsi ndi ma switch awiriawiri, ndi cluster yachiwiri kwina yolandira makope mochedwerapo. Kuika zonse pa cloud ku Johannesburg kapena ku Cape Town kumachotsa nkhawa ya magetsi, koma kumafuna madola, komanso intaneti yathu imadutsa m'mayiko a eni kukafika ku nyanja. Zingwe za EASSy ndi Seacom zitaduka mu Meyi 2024, Malawi inali m'gulu la mayiko amene anamva kuwawa.

Ndinene poyera maganizo anga apa: mabungwe ambiri a msinkhu wa SACCO yathu ija safunika cluster. Seva imodzi yabwino ya database ya PostgreSQL yokhala ndi RAM yokwanira, ndi ina yosunga kope, imanyamula mamembala zikwi makumimakumi osatuluka thukuta, ndipo ikavuta munthu mmodzi amaimvetsa. Cluster ndi ya amene deta yawo yakanikadi kukwana pa seva imodzi, kapena amene kuima kwa mphindi kumawatayitsa zambiri kuposa malipiro a anthu oiyang'anira usiku.

Foni ikalira usiku

"Achimwene, tangopangani restart, anthu akudikira." Mawu amenewa adzabwera, ndipo adzachokera kwa munthu amene simungamuyankhe mwamwano. Pemphani mphindi zisanu. Pa kompyuta ya mu ofesi restart imachiza zambiri. Pa cluster yosunga deta mu RAM imafufuta umboni, imayambitsa kusamuka kwa zigawo pamwamba pa vuto limene lilipo kale, ndipo ngati seva imene mwaizimitsayo ndi yokhayo inatsala ndi chigawo china, mwafufuta deta ndi dzanja lanu. Pali ngozi ina yolembedwa m'mabuku a Redis: mwini chigawo wosasunga pa disiki akadzuka msanga ali wopanda kanthu, anzake asanazindikire kuti anagwa, osunga makope amakopera kupanda kanthuko.

Funso loyamba ndi lakuti seva iliyonse ikuona ndani. Musafunse imodzi yokha, kandimverere anakanena za m'maluwa. Lowani pa iliyonse. Pa Redis lembani CLUSTER NODES, pa Ignite fufuzani mzere womaliza wa "Topology snapshot", pa Hazelcast mndandanda wa "Members". Onse akanena chimodzi, gulu lili pamodzi ndipo vuto ndi kuchedwa. Akasiyana, gulu lagawanika, ndipo chofunika msanga ndi kutseka zolemba ku mbali yochepa.

Kenaka sakani chochitika choyamba. Ma log a tsiku la vuto amakhala ndi mizere yofiira zikwizikwi, ndipo pafupifupi yonse ndi ya maseva odandaula za mnzawo. Bwererani m'mbuyo mpaka pamene seva yoyamba inachotsedwa, mutsegule GC log ndi dmesg za sevayo pa mphindi imeneyo. Izi zimatheka ngati mawotchi a maseva onse ali ofanana, choncho zolinganizira mawotchi monga NTP kapena chrony si zokongoletsa: wotchi yake ikatsalira ndi masekondi 40, wogwa pomaliza amatha kuoneka ngati woyamba. Ngati ndi Java ndipo seva yangouma, tengani thread dump, chithunzi cha zimene pulogalamu ikuchita panthawiyo, ndi jstack katatu motalikitsa masekondi angapo musanaikhudze. Mu Ignite, transaction imodzi imene wina anaitsegula osaitseka imatha kuimitsa kugawananso kwa zigawo pa cluster yonse, ndipo kuipha iyo yokhayo kumamasula onse.

Za netiweki, ping, lamulo loona ngati seva ikuyankha, yokha siikwanira. Redis Cluster imalankhula ndi makasitomala pa doko (port, nambala ya khomo lolumikizirana) 6379 koma maseva amalankhulana okhaokha pa 16379. Ignite imapezana pa 47500 n'kumatumizirana deta pa 47100, Hazelcast imayambira pa 5701. Wina akakonza firewall masana n'kutseka imodzi mwa zimenezi, cluster imatha kuyendabe pa malumikizidwe akale mpaka usiku pamene seva ina ifuna kulumikizanso. Choncho funsani chimene chasintha lero, ngakhale aliyense alumbire kuti sanakhudze kanthu. Ndipo madoko amenewa asaonekere pa intaneti: Redis yopanda pasiwedi imapezedwa ndi akuba mwachangu, ndipo kuyambira 2024 Malawi ili ndi lamulo la Data Protection Act lokhudza aliyense wosunga zinsinsi za anthu.

Mukaona CLUSTERDOWN pa Redis pamene maseva ambiri ali moyo, musadabwe. Mwachikhazikitso, chigawo chimodzi chokha mwa 16,384 chikasowa mwini, cluster yonse imakana ntchito. Pali cluster-require-full-coverage yosinthira khalidweli, koma ganizirani kaye ngati pulogalamu yanu ingapirire kuona mamembala ena n'kusaona ena.

Kudzutsa cluster imene inazima yonse kulinso ndi msampha wake. Ngati inali cache ya patsogolo pa database, imadzuka yopanda kanthu, ndipo mafoni onse amene akhala akuyesayesa kwa ola lathunthu amagwera pa database nthawi imodzi. Database imene inkangolandira mafunso ochepa othawa pa cache imagwa nayonso. Dzutsani maseva onse kaye khomo lili chitsekere, dikirani agwirizane ndi kumaliza kugawana, lowetsani deta yofunsidwa kwambiri, kenaka muzilola anthu pang'onopang'ono. Pokonza zinthu tsiku wamba, zimitsani seva imodzi, idzuke, makope akwanire, ndiye mupite pa ina.

Zonsezi zimaphunzirika bwino masana, tsiku lopanda msika, mabwana atauzidwa ndipo backup itatengedwa. Zulani chingwe cha netiweki pa seva imodzi, muwerenge masekondi mpaka ntchito ibwerere. Tsiku lina musaiphe, muigoneke: kill -STOP imaumitsa pulogalamu popanda kuizimitsa, ndipo pakatha masekondi 30, kill -CONT imaidzutsa. Zimenezo zimafanana ndendende ndi wosesa woima nthawi yaitali. Onani ngati yodzukayo ikuvomera kuti mpando wake wapita, kapena ikulandirabe zolemba kwa kanthawi. Pomaliza fananitsani mabalansi ndi amene analipo musanayambe, mulembe masekondi ndi malamulo onse amene munagwiritsa ntchito, ndipo pepalalo mulisindikize n'kulimata pa chitseko cha rack, kabati ya masevawo, popeza tsiku lofunikalo kompyuta imene munalisungamo ikhoza kukhala yozima nayonso.